Musamulande laputopu mwanayo mayi

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo wa zaka 16 amangokhalira kompyuta, akuti akupanga kabuku ka mkati mwa gemu ya Minecraft koti osewera azitsegula nkumaona kuti chida chakutichakuti chimapangidwa ndi chani, nde akufunsa ngati zili ndi tsogolo kapena angomulanda laputopu.

Mayi musamulande chonde, zimene akupangazo ndi programming yeniyeni, ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ma mod (zowonjezera pa gemu, ngati kabuku kakeko) a Minecraft ya Java Edition amalembedwa mu Java, chinenero cha programming chomwecho chimene makampani akuluakulu amapangira mapulogalamu awo, ndipo olo akanakhala pa gemu ina ya Roblox nde bwenzi akuphunzira chinenero cha Luau chochokera ku Lua, nachonso sichachibwana.

Koma mumuuze izi, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amagwa. Asalembe mawu a kabukuko mkati mwa code (malangizo amene amalembera kompyuta) ayi. Dzina la chinthu, chithunzi chake, kumene chimapezeka ndi zofunika pochipanga, zonsezo aziike mu fayilo ya JSON (mtundu wa fayilo yosungiramo mfundo mwadongosolo) payokha, code izingowerenga fayiloyo nkuonetsa tsamba pa sikirini munthu akadina batani. Mawa gemu ikasintha, mwina lupanga layamba kufuna zinthu zina, angokonza mzere umodzi basi osati kufufuza code yonse usiku wonse maso ali psuu, komanso akafuna kabukuko mchinenero china sazavutika. Pali mod ina yotchedwa Patchouli imene imapanga mabuku a mu Minecraft kuchokera ku JSON, aione bwinobwino mmene anayalira zinthu. Ineyo luso losiyanitsa data (mfundo za mu fayilo zija) ndi code ndimaliwerengera kwambiri kuposa kudziwa zinenero za programming zisanu mwapamwambamwamba.

Ayambe ndi masamba 10 okha, akayenda bwino awonjezere kabokosi kofufuzira. Kenako apatse mnzake amene sanakaonepo, iye akhale chete pambali nkumaona pamene mnzakeyo akusochera, pamenepo mpofunika kukonza.

Mbali yanu mayi ndi nthawi. Mugwirizane maola, homuweki iyambe kaye, ndipo masamu asawataye chifukwa maphunziro a computer science amawafuna kwambiri. Ntchito yakeyo aziisunga pa GitHub, webusayiti yosungirapo code, nkwaulere, alembepo mwachidule zimene kabukuko kamachita ndi zithunzi ziwiri zitatu kuti pofunsira sukulu kapena ntchito azakhale ndi chooneka chomwe anamaliza yekha. Ndipo Loweruka likubwerali mukhale naye pansi akuonetseni mmene tsamba limodzi limatsegukira.