Dzina la Nyangu ndi la kuufumu

Mayi, mwafunsa komwe dzina la Nyangu linachokera komanso ngati lingayenere mwana wanu wamkazi. Dzinali ndi lakale kwambiri, lochokera mu ufumu wa Amaravi. Poyamba silinali dzina loitanira mwana, linali udindo. Nyangu anali mayi kapena mlongo wake wa Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, wa mfunda wa Phiri, ndipo popeza ife Achewa ufumu timatengera kuchikazi, wolowa ukalonga ankayenera kubadwa m'bere la Nyangu. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda, koma ana ake sankalowa ufumuwo.

Udindowu ulipobe. Mukapita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, mu Ogasiti, mukamva a Mama Nyangu akutchulidwa mwaulemu pamodzi ndi Kalonga Gawa Undi.

N'chifukwa chake simulimva kawirikawiri pakati pa a Chisomo, a Tadala ndi a Mphatso omwe adzaza m'masukulumu. Ambiri amaliona kuti ndi lolemera kwa khanda. Ineyo ndimalikonda, koma musanatchule, kambiranani ndi amalume ake a mwanayo ndi agogo akumudzi, makamaka ngati kwanu kuli mbumba yaufumu.