Basi yokwera ndi basi yomalizira nkhani si pachibale

Achemwali, mwafunsa komwe azungu anatenga mawu oti "bus", komanso ngati ndi amodzi ndi basi wathu uja woti "zakwana". Ayi, angofanana nkhope, mayi awo ndi osiyana.

"Bus" ndi mchira chabe wa mawu a Chilatini oti "omnibus", kutanthauza "za onse". Tanthauzo lonse lili kumutu, kwa "omni" kuja. Ka "bus" kakumapetoko n'kachidutswa ka galamala kosonyeza kuti chinthucho n'chopangira anthu ambiri, pakokha sikanena kanthu. Zili ngati ife titadula mawu oti "onse", n'kumati ndakwera nse. Ndiye dziko lonse likukwera mchira, mutu unatayidwa kalekale.

Dzinali linayambira ku France. Mu 1826, mumzinda wa Nantes, Stanislas Baudry anali ndi chigayo choyendera nthunzi kunja kwa tauni, ndipo madzi otentha ochokera mmenemo anatsegulira nawo malo osambira olipiritsa. Poona kuti makasitomala sakubwera, anaika ngolo ya mahatchi yoti izikawatenga m'tauni. Anthu anakwera ndithu, koma ankatsikira panjira n'kupita kwawo, osasamba! Bamboyo sanalimbane nazo, anangoona kuti ndalama zili pa ngoloyo. Mu 1828 anakayambitsa bizinesi yomweyo ku Paris. George Shillibeer anakayambitsa zomwezo ku London pa 4 July 1829, ndi ngolo yokokedwa ndi mahatchi atatu, yonyamula anthu 22, kuchokera kudera la Paddington kukafika kudera la Bank mumzindamo. Pasanathe zaka zambiri Angerezi anatopa nalo dzina lalitalilo, n'kulidula. Tsono onani, basi inayamba isanakhale ndi injini.

Chimene chimandisangalatsa ine n'choti dzinali linali lonjezo. Masiku amenewo olemera ankayenda pa ngolo zawozawo kapena kuchita hayala, pomwe iyi aliyense wokhala ndi ndalama yolipira ankakwera, n'kukhala mothithikana ndi munthu wosamudziwa. Amene munakhalapo anayianayi mu minibasi, thumba la makala likukukandani mwendo, nkhuku ya eni ili pansi pa mpando, mukudziwa bwino tanthauzo la "za onse".

Mchira uja unabalanso ana. Minibasi ndi womwewo, angoumatira "mini" kutsogolo. Ngakhale B wa mu USB, pamene timabayapo fulashi pa kompyuta, akuimira "bus", njira imodzi yodutsamo uthenga wa zipangizo zosiyanasiyana.

Basi winayu, woti "ndakhuta, basi", anadzera kummawa. Ku Chiswahili alipo ndi tanthauzo lomweli, ndipo gwero lake ndi mawu a ku Persia (Iran wa lero) oti "bas", kutanthauza zokwanira. Amalonda a panyanja ya Indian ndi amene anawafikitsa kugombe la Africa. Kufananako kwabwera chifukwa ife sitimaliza mawu ndi konsonanti: "bus" tinaiwonjezera i, monga tinachitira ndi shati kapena foni, ndiye yangopezeka yavala malaya ofanana ndi mnzakeyo.

Mukadzapita kudepoti mudzatchere khutu kondakitala akamakuwa kuti "Awiri basi, basi inyamuke!" Woyambayo ndi wa ku Persia, wachiwiriyo wa ku Nantes, ndipo awiri akunenawo nthawi zambiri amakhala asanu ndi mmodzi.