Oyilo wa mfuti asakhudze chikwama cha agogo

Achimwene, mwafunsa ngati mungapake oyilo wa mfuti pa chikwama chachikopa choikamo mfuti yaing'ono chimene malemu agogo anu adasiya ku Lizulu. Ayi, musatero.

Oyilo ameneyu adapangira chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Wambiri amachokera ku petroliyamu, ndipo wina amakhala ndi mankhwala osungunula zotsalira za wonga. Akalowa m'chikopa satulukanso: chimada, chimafewa mopyola, nacho chikwama chimataya maonekedwe ake. Chikwama chotere chimafunika chikhale cholimba ndithu, osati cholobodoka ngati nsapato yonyowa. Ine ndidawononga lamba wa bambo anga ndi oyilo wa makina osokera. Adachita mathothomathotho akuda ndipo mpaka lero amathimbiritsa thalauza.

Yambani mwachotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kenaka pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono. Chiume pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chingang'aluke. Chikauma pakani pang'onong'ono polishi wa nsapato wopanda mtundu, kapena phula la njuchi, mutayesa kaye kumbuyo kosaonekera. Mafuta ophikira ndi Vaseline asiyeni.

Kuno ku Dedza vuto lathu ndi chinyontho, nthawi ya dzinja komanso nkhungu ya mu Juni ndi Julayi. Musachisunge m'jumbo, chichita chuku. Chikulungeni m'nsalu ya thonje, muikemo mapepala oyera kuti chisaphwanyike. Zobiriwira zomwe zili pa batani lamkuwa muzichotsa ndi kamtengo kotokosera m'mano.