Asilikali a kuno ndi a chipani: mawu kwa obwera kumene ku China

Chaka chilichonse September akafika, pa gulu lathu la WeChat, pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga kuno ku China, pamagwa funso lomwelomwe kuchokera kwa ophunzira atsopano: "Akuluakulu, kodi kuno kukubwera nkhondo?" Amakhala atasuzumira pawindo la hositelo m'mamawa n'kuona bwalo lonse la mpira ladzaza ndi achinyamata ovala zamawangamawanga, akuguba padzuwa, msilikali akuwakalipira. Mtima m'malo, si nkhondo. Amenewo ndi anzanu a chaka choyamba, ana a eni dziko, ali pa junxun, maphunziro a usilikali amene amachita kwa masabata awiri kapena atatu asanayambe kalasi. Alendo sitiitanidwako. Inu kagoneni, kapena pitani kupolisi ya m'dera lanu mukalembetse kumene mukukhala ngati sukulu sinakuchitireni kale.

Funsolo ndimalikonda chifukwa limanditsegulira nkhani imene sitiuzana pabwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka. Timauzana za chakudya, za kuzizira, za mmene tingalipirire ndi foni. Za asilikali, zii. Chonsecho ambiri mwa anzathu amene akhalapo pampanipani kuno chifukwa cha pakamwa kapena chifukwa cha kamera, gwero lake linali kusadziwa kuti msilikali wa ku China ndi ndani.

Ife a ku Malawi timabwera ndi chithunzi chathu m'mutu. Akuluakulu amakumbukira December 1993, pamene asilikali a boma analanda zida a Malawi Young Pioneers, gulu la chipani cholamula. Timakumbukira April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, General Henry Odillo n'kuima pa malamulo kuti Joyce Banda alowe pampando. Achinyamatanu munaona nokha mu 2019 ndi 2020 asilikali akuperekeza anthu a zionetsero m'misewu ya Lilongwe, anthu akuwaimbira m'manja. Kwathu msilikali timamuyamikira akakana kukhala wa chipani. Ndiye munthu amafika kuno n'kumaganiza kuti angathe kudandaula za andale kwinaku akutamanda asilikali, kapena kuseka asilikali osakhudza andale. Chithunzi chimenecho chisiyeni m'chikwama. Kuno gulu la nkhondo, People's Liberation Army, ndi la Chipani cha Chikomyunizimu, ndipo sizobisa. Zili m'malamulo a chitetezo cha dziko, zili m'lumbiro la msilikali aliyense, zalembedwanso ndi zilembo zikuluzikulu zofiira pa makoma a malo awo: mverani kulamula kwa chipani.

Zinayamba kale. Gulu la nkhondoli limawerenga kubadwa kwake kuyambira pa 1 August 1927, pamene achikomyunizimu anaukira mumzinda wa Nanchang. Boma limene mukuliona lero linabadwa pa 1 October 1949. Ndiye kuti asilikali ndi aakulu kwa boma ndi zaka 22. Chipani chinayamba chapeza mfuti, mfutiyo n'kupezera chipani dziko. N'chifukwa chake pa mbendera yawo, pafupi ndi nyenyezi, pali zilembo ziwiri zotanthauza 8 ndi 1, ndipo 1 August ndi tsiku la asilikali. Mao Zedong ndiye ananena mawu otchuka aja akuti mphamvu za ndale zimatuluka pakamwa pa mfuti. Anthu akunja amathera pomwepo, koma mu 1938 iye anapitiriza kuti chipani ndicho chimalamula mfuti, ndipo mfuti isaloledwe konse kulamula chipani. Mbali yachiwiriyi ndiyo ikugwira ntchito mpaka lero.

Mmene anazimangira n'zochititsa chidwi. Pamsonkhano wa ku Gutian, m'chigawo cha Fujian, mu December 1929, anagwirizana kuti gulu la nkhondo likhale chida cha ndale za chipani. Mpaka pano gulu lililonse la asilikali lili ndi akulu awiri: wolamula za nkhondo, ndi wina woyang'anira za ndale, amene amamutchula kuti zhengwei m'magulu akuluakulu. Nkhani zikuluzikulu, monga kukweza munthu paudindo, zimadutsa m'komiti ya chipani ya m'gululo. Nthambi za chipani zimatsika mpaka ku kagulu ka asilikali pafupifupi 100. Ndiye palibe mkulu wa asilikali amene angadzuke m'mawa n'kutenga anyamata ake kupita nawo kumene wafuna, pakhomo pali mnzake womuyang'anitsitsa. Kwa ife a ku Africa amene tinazolowera kumva pa wailesi kuti kwakutikwakuti asilikali alanda boma, apa m'pamene pagona yankho la chifukwa chimene ku Beijing sikunamvekepo zotero.

Pamwamba pa zonse pali bungwe lotchedwa Central Military Commission, ndipo wapampando wake ndi Xi Jinping kuyambira 2012. Mukafuna kudziwa mwini mphamvu ku China, musayambe ndi kufunsa kuti pulezidenti ndani, funsani amene wakhala pampando umenewu. Deng Xiaoping sanakhalepo pulezidenti wa dziko, koma anagwira mpandowu kuyambira 1981 mpaka 1989, ndipo aliyense ankadziwa kumene mawu omaliza amachokera. Jiang Zemin anapereka utsogoleri wa chipani kwa Hu Jintao mu 2002, koma wa asilikali anaukakamira mpaka 2004. Nduna ya za chitetezo imene mumaiona ikulandira alendo pa TV si imene imalamula asilikali. Ntchito yake yaikulu ndi kukumana ndi anzake a maiko ena.

Sikuti mfuti yakhala chete nthawi zonse. Chipani chikagawikana, onse amayang'ana kumene asilikali apendekera. Mu 1967, chipwirikiti cha ndale chimene Mao anayambitsa, chotchedwa Cultural Revolution, chitafika posauzana, Mao anatuma asilikali kukayendetsa masukulu, mafakitale ndi maboma a zigawo. Mu September 1971 Lin Biao, mkulu wa nkhondo amene anali atasankhidwa kudzalowa m'malo mwa Mao, anafa pa ngozi ya ndege ku Mongolia akuthawa. Mao atamwalira mu 1976, sipanathe mwezi mkazi wake Jiang Qing ndi anzake atatu anamangidwa, ndipo kumbuyo kwa zimenezo kunali Marshal Ye Jianying ndi asilikali olondera atsogoleri. Kenako pali usiku wa pa 3 kuchera pa 4 June 1989, pamene asilikali ndi akasinja analowa mu Beijing n'kuwombera anthu amene ankachita zionetsero zozungulira bwalo la Tiananmen. Mkulu mmodzi, Xu Qinxian wa gulu la 38, anakana kutsogolera asilikali ake, ndipo anakakhala kundende zaka 5.

Nkhani ya 1989 ndaitchula dala kuti muidziwe, ndiponso kuti mudziwe kuti siyokamba. Simudzaipeza pa intaneti ya kuno. Anzanu ambiri a m'kalasi anangomvako pang'ono kapena sanamvepo, ndipo amene akuidziwa sangakondwe kuti mwaiyambitsa mu kantini. Mukaifunsa mphunzitsi pagulu, mwina inu mudzangoyang'anidwa, koma iyeyo ndiye mwamuika pamoto, chifukwa m'kalasi mumakhala makutu ambiri. Kwa eni kulibe mkuwe. Masiku oyandikira 4 June mudzaona intaneti ikuvutavuta, VPN, pulogalamu yolowera pa masamba otsekedwa, ikukanakana. Musadabwe, ndipo musayese kuponya zithunzi za tsikulo pa WeChat "kuti tione ngati zidutse".

Xi atalowa anagwira asilikali ndi manja awiri. Mu 2014 anaitanira akuluakulu awo ku Gutian komwe kuja, kukawakumbutsa mwini wawo. Achiwiri kwa wapampando wa Central Military Commission awiri a nthawi ya Hu Jintao anagwa pa milandu ya ziphuphu: Xu Caihou anamwalira mu 2015 mlandu usanazengedwe, Guo Boxiong anapatsidwa ndende ya moyo wonse mu 2016. Mu 2015 analengeza zochepetsa asilikali ndi 300,000, ndipo chaka chotsatira zigawo 7 za nkhondo zinasanduka 5. Tsache silinaime. Li Shangfu, nduna ya chitetezo, anangosowa pamaso pa anthu mu 2023 n'kuchotsedwa mu October, ndipo mu 2024 iye pamodzi ndi Wei Fenghe, amene anali pa udindowo iye asanalowe, anathamangitsidwa m'chipani. Ineyo ndimaona kuti pali zonse ziwiri: ziphuphu zinalipodi, maudindo ankagulidwa, koma tsachelo limakumbutsanso aliyense wovala nyenyezi paphewa kuti mwini mfuti ndani. Amenewo ndi maganizo anga, ndipo sindiwakamba m'takisi. Woyendetsa akayamba yekha, ndimangoti "eeh, n'zovuta", n'kufunsa za mtengo wa nyumba.

Pali china chimene alendo ambiri timachiphonya. Anthu wamba kuno amawakondadi asilikali awo, si zokakamizidwa zokha ayi. Amakumbukira madzi osefukira a mtsinje wa Yangtze mu 1998, asilikali atalowa m'madzi kutchinga ndi matumba a mchenga. Amakumbukira chivomezi cha ku Sichuan cha pa 12 May 2008, ndi madokotala a usilikali amene anayendetsa chipatala cha Huoshenshan ku Wuhan mu 2020. Pasiteshoni ya sitima mudzaona zenera lolembedwa kuti asilikali atsogole, ndipo palibe amene amang'ung'udza. Mabanja ena ali ndi kachikwangwani kaulemu pachitseko chifukwa mwana wawo ali kapena anali ku usilikali. Mwini shopu amene mukugula naye matailosi ku Foshan akakuuzani kuti anali msilikali, akukuuzani chinthu chimene amachinyadira. Muyamikireni, malonda ayenda bwino.

Lamulo nalonso lili kumbali yawo. Kuyambira 2018 pali lamulo loteteza mbiri ya ngwazi ndi ofera dziko, ndipo kuyambira March 2021 kuwanyoza ndi mlandu wa ndende mpaka zaka 3. Si zoopseza chabe. Wolemba wina pa tsamba la mchezo la Weibo, Qiu Ziming, anapatsidwa miyezi 8 mu 2021 chifukwa chokayikira chiwerengero cha asilikali amene anafa pomenyana ndi a India kumalire. Nthabwala zathu zija za pa Facebook, zojambula mkulu wa asilikali n'kumuika mawu m'kamwa, kuno zisafike. Inu amene mumayendetsa magulu a WeChat, dziwani kuti malamulo a 2017 amati mwini gulu amayankha pa zimene zalembedwamo. Wina akaponya zachilendo, mulembereni msanga achotse, kapena mumutulutse. Adzakwiya lero, mawa adzakhalabe ndi visa.

Samalaninso ndi Taiwan, chifukwa apa a Malawi timaterereka mosazindikira. Dziko lathu linali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, pamene boma la Bingu linatembenukira ku Beijing. Wina wa kumpoto, pocheza chabe, amatha kunena kuti chipatala chachikulu cha Mzuzu anatimangira ndi a dziko la Taiwan. Kuti anamanga n'zoona, koma mawu akuti "dziko" patebulo la kuno amazizira nawo msuzi. Kwa boma la kuno Taiwan ndi chigawo chawo, pali lamulo la 2005 lolola kugwiritsa ntchito mphamvu chikafuna kudzipatula, ndipo imeneyo ndi ntchito yaikulu imene asilikali akukonzekera. Simukukakamizidwa kuvomereza. Mungathe kungokhala chete n'kutola ndiwo.

Tsopano za mumsewu. Si aliyense wa yunifolomu amene ali msilikali. Wa pageti la sukulu kapena la msika ndi baoan, mlonda wolembedwa ntchito, mungacheze naye. Apolisi wamba amavala zabuluu wodera, ndiwo a pasipoti ndi visa. Koma anyamata ovala zobiriwira amene amaima njo ngati mtengo pa mageti a maofesi a akazembe ku Beijing ndi wujing, apolisi a zida, ndipo kuyambira January 2018 ali pansi pa bungwe lija la Xi mwachindunji. Sayankha moni, saloza njira, safuna selfie. Kutsogolo kwawo kumakhala mzere wachikasu pansi. Musaudumphe.

Kamera ndiyo yapweteketsa ambiri. Malo a asilikali kuno sali kutchire kokha, ena ali pakati pa tauni, khoma limodzi ndi malo odyera. Ku Guangzhou, kumene amalonda athu amadzaza ku Xiaobei ndi ku Sanyuanli, n'kumenenso kuli likulu la asilikali a chigawo chonse cha kummwera. Mukaona geti lopanda dzina la kampani, pali nyenyezi yofiira, mlonda wa mfuti ndi magalimoto a manambala oyera, foni ilowe m'thumba. Chimodzimodzi padoko pamene paima sitima zotuwa, ndi pa mabwalo ena a ndege amene anthu wamba amagawana ndi asilikali, kumene amakuuzani kutseka mawindo potera. Lamulo lolimbana ndi ukazitape linakulitsidwa pa 1 July 2023, ndipo pali nambala, 12339, imene aliyense angaimbe akakukayikirani. Munthu wakuda wojambula geti la asilikali saiwalika nkhope. Wina wosamudziwa akakulemberani pa intaneti kuti akulipirani mukamujambulira doko kapena bwalo la ndege, musayankhe n'komwe. Amalonda, musaponye mu kontena ma drone akuluakulu kapena zovala zofanana ndi za asilikali a kuno musanafunse ejenti wanu, chifukwa ma drone ena amafuna chilolezo chotulutsira kuyambira September 2023.

Ngati mtima ukufunadi kuona za asilikali, malo ololedwa alipo. Ku Beijing kuli nyumba yaikulu yosungiramo mbiri ya nkhondo, sitima ya pansi ya Line 1 imaima pakhomo pake penipeni, ndipo akasinja ndi ndege mujambula mpaka batire kutha. Ku Guangzhou pitani pa chilumba cha Changzhou mukaone sukulu yakale ya usilikali ya Huangpu, yotsegulidwa mu 1924, kumene Chiang Kai-shek, amene pambuyo pake anadzamenyana ndi achikomyunizimu, anali mkulu wa sukulu ndipo Zhou Enlai wa chipani cha chikomyunizimu ankayang'anira za ndale, asanasanduke adani. Nyamulani pasipoti, pakhomo amaifuna.

Zikachitika kuti mwajambula posayenera ndipo akuimitsani, musathawe ndipo musakweze mawu. Onetsani pasipoti, tsegulani foni, afufute zimene akufuna, nenani duibuqi, kupepesa kwa kuno. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Akakutengerani ku ofesi, pemphani womasulira, musasaine pepala limene simukulimva, ndipo pemphani kuti adziwitse ofesi ya ophunzira akunja ya pasukulu panu kapena ofesi ya kazembe wathu ku Beijing. Manambala amenewo alembeni papepala lero, muike m'chikwama cha ndalama, chifukwa nthawi imeneyo foni imakhala ili m'manja mwa wina.