Ndimadzipezera ndekha ntchito, kodi UIF ingandithandize?

Funso: Ndimajambula mapulani a nyumba ku Johannesburg. Ndinagwira pakampani ina zaka 3, ndipo atatichotsa pochepetsa antchito miyezi 7 yapitayo ndinayamba kudzipezera ndekha makasitomala. Pano ntchito zauma. Mnzanga akuti munthu wopanda bwana salandira kanthu ku UIF. Zoona?

Yankho: Bambo, mnzanuyo wanena zoona koma sanamalize. Thumba la UIF, lomwe boma la South Africa limathandizira anthu amene ntchito yawathera, limadzazidwa ndi anthu olembedwa ntchito: mwezi uliwonse wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Wodziimira payekha sasonkha nawo, ndiye miyezi 7 imeneyi siwerengedwa.

Koma zaka 3 zija sizinapite pachabe, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetse. Ngati kampaniyo inkakudulani ndalamayi, masiku 4 aliwonse omwe munagwira anakusungirani tsiku limodzi lolandira chithandizo. Komanso simunasiye nokha ntchito, anachita kukuchotsani. Mukanatula pansi udindo mwakufuna kwanu, nkhani ikanavuta. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Lamulo limapereka miyezi 12 kuchokera tsiku lomwe ntchito inatha, ndipo inu mwatsala ndi 5 yokha. Pitani kwa abwana anu akale akakupatseni fomu ya UI-19 (yosonyeza nthawi yomwe munagwira ntchito ndi chifukwa chomwe inathera), tengani ziphaso zanu ndi mapepala akubanki, mukalembetse ku ofesi ya zantchito kapena pa uFiling, tsamba la UIF la pa intaneti, sabata ino. Akakufunsani ngati mukupezako kangachepe, nenani zoona. Kubisa kumabweretsa ngongole yoti mudzabweze, mwinanso mlandu.

Onaninso mmene mwagwirira miyezi yapitayi. Ngati kasitomala anali mmodzi, amene ankakuuzani nthawi yolowa ndi yoweruka, kompyuta n'kukhalanso yake, mwina munali wantchito wake ngakhale pepala likunena zina. Nkhani zotero amaziunika ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pakati pa mabwana ndi antchito.

Kunena mosabisa, zimandipweteka kuti anthu aluso ngati inu amasiyidwa pamtetete. Mayiko ena anapezako njira. Ku Germany, kuyambira 2006, wodziimira payekha amene kale ankasonkha atha kupempha kuti apitirize, bola apemphe isanathe miyezi 3 chiyambireni bizinesi. Ireland nayo inatsegula chithandizo cha anthu otere mu 2019. Ku South Africa khomo limenelo likadali lotseka, choncho ntchito zikayambanso kubwera, muziika padera kandalama pa pulani iliyonse yomwe mwalipidwa.