Achimwene, chomera kuseli kwa bafacho kazuleni kaye kenako tikambirane

Achimwene amene mwafunsa kuti chamba chamera chokha kuseli kwa bafa kwanu ndiye mukufuna kudziwa kasamalidwe kake mpaka chikhwime, komanso ngati zili zoona zoti boma lidaloleza, ndaona makomenti ambiri akungoseka ena akuti muzithirira madzi otsukira mbale, ndiye ndati ndikuyankheni mwachifatse poti ine mbewuyi ndidailimako ndi chiphaso kudzera mkopaletivi yathu, sizongomva pawailesi ayi. Mupirire nane chifukwa ndilemba zambiri.

Chimene simukufuna kumva ndiyamba nacho: kazuleni lero lomwe. Zoti chamera chokha wapolisi sangazimve, iye aona kuti chili pabwalo panu ndipo pansi pake mpopalira bwino basi nkhani yathera pomwepo. Zimene zidachitika mu February 2020 nzoti aphungu adakhazikitsa lamulo la Cannabis Regulation Act, ndipo lamulolo ndi limene lidabweretsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ambiri timangoti CRA, ku Lilongwe. Chimene chidaloledwa ndi kulima chamba cha mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale chija amati hemp, koma uli ndi chiphaso m'manja, pamunda umene iwo abwera kudzauona. Kusuta sadaloleze, kusunga mtengo umodzi pakhomo sadaloleze, ndipo lamulo lakale lija loletsa mankhwala ozunguza bongo la Dangerous Drugs Act likugwirabe ntchito. Lamulo latsopanolo ndiye lidachita kukhwimitsa, wolima popanda chiphaso chilango chake chimatha kufika zaka 25 kundende ndi chindapusa cha K50 miliyoni. Ndiye taganizani kulowa m'mavuto oterowo chifukwa cha kamtengo kamodzi kamene mwina nkakamuna komwe, kopanda ntchito ina iliyonse.

Eya, kakamuna. Apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa ndiye ndikhalitsepo. Chamba chili ngati papaya, pali chachimuna ndi chachikazi pamitengo yosiyana. Mukukumbukira papaya uja umangochita maluwa ambirimbiri olendewera osabereka, agogo nkumati dulani ameneyo ngwamwamuna? Ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake nkoti chamba chimakhala nyengo imodzi basi ngati chimanga, chimera, chikula, chichita maluwa, chibereka nthangala kenako chiuma, sichidikira chaka chamawa.

Nthangala ikalowa m'dothi lachinyontho imamera pasanathe sabata, ife zathu zina zidatuluka tsiku lachinayi. Timasamba tiwiri toyamba ntobulungira tosalala, munthu sangadziwe nkomwe kuti nchamba, amangoyesa thengo wamba. Kenako kumabwera tsamba la kala kamodzi lamanomano m'mbali, lotsatira zala zitatu, kenako zisanu, zisanu ndi ziwiri, mpamene chimayamba kuoneka ngati chija chojambulidwa pazipewa za marasta. Masabata awiri atatu oyambawa ndi pamene chimakhala chofooka kwenikweni, mvula yamphamvu ikagwa dothi nkuuma chigamba pamwamba mbande zimalephera kuboola, madzi akadikha zimaola patsinde nkugwa, udzu ukachipitirira chimatha. Ife tidataya pafupifupi mizere yonse ya kumunsi kwa munda kumene kumakhala lowe mu January. Mbewuyi muzu wake waukulu umalowa pansi molunjika, imafuna dothi lofewa lotaya madzi, la mtundu umene fodya amakondwa nalo, osati makande a kudambo. Ndipo zija amanena kuti chamba sichifuna feteleza ndi nkhambakamwa chabe, chimadya ngati chimanga, munda wotopa chimangochita chikasu nkupinimbira. Manyowa okhwima bwino amathandiza kwambiri, osati ndowe zaziwisi.

Chikadutsa pamenepo chimathamanga zoopsa. Ukapita kumunda Lolemba nkubwereranso Loweruka umaona kusiyana ndi maso, ndipo chikatseka mizere udzu sumeranso pansi pake, kupalira kumathera pomwepo.

Tsopano nkhani ya maluwa, imene idatipweteka ife. Mbewuyi siwerenga masiku ngati chimanga cha masiku 120 ayi, imawerenga kutalika kwa usiku. Usiku ukatalika kufika pamlingo wake imasiya kukula nkuyamba maluwa, kaya ili ndi msinkhu wanji. Ndiye mbewu imene tidapatsidwa idachokera ku Ulaya, kumene nyengo yawo yolima dzuwa limakhala kunja maola 15 kapena 16, monga ku France kumene amalima hemp wambiri. Kuno kwathu ngakhale mu December momwe tsiku silipitirira maola 13, mu June ndiye limatsika kufika cha m'ma 11 ndi theka. Mbewu ija itangomera idaona ngati nyengo yatha kale. Sabata yachisanu, mitengo ili m'mawondo, tidangoona maluwa mbwee munda wonse. Tcheyamani wathu, bambo wachikulire amene walima fodya moyo wake wonse, adaima pamzere atagwira chipewa m'manja nkufunsa kuti kodi luzi lake tisenda pati pamenepa. Palibe adamuyankha. Tinkayembekezera mitengo yotalika kuposa munthu, tidakolola timitengo tonga therere. Chamba chathu chakuno chija chotchuka ndi dzina loti Malawi Gold, cha ku Nkhotakota ndi madera ena, chidazolowera dzuwa lakuno nchifukwa chake chimatalika nkumachedwa kukhwima, koma chimenecho THC wake ngwokwera, sichingalowe mgulu la hemp.

THC ndi chija chimazunguza mutu. Lamulo lathu limati kuti mbewu itchedwe hemp, THC asapitirire 1 peresenti. Ukapitirira pamenepo munda wako si wa hemp ayi, ndipo ungathe kuuzidwa kuti uwononge zonse, thukuta la miyezi inayi nkupsa ukuona. Choipa nchoti ndi maso sungasiyanitse, masamba ndi omwewo, fungo ndi lomwelo, mpaka apime ku labu. Komanso THC amakwera maluwa akamakhwima, ndiye ukachedwa kukolola poti ukudikira aganyu kapena thiransipoti, mbewu imene idali bwino sabata yatha imatha kudumpha malire.

Kusiyanitsa chachimuna ndi chachikazi kumatheka maluwa akangoyamba, mumayang'ana pamphanda pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Chachimuna chimatulutsa timibulu tating'ono tolendewera, tikatseguka timatulutsa mungu wachikasu ngati wa ngayaye za chimanga, ukagwedeza mtengo m'mawa umaona kafumbi kakuuluka. Chachikazi chimatulutsa tiubweya tiwiri toyera ngati ndevu za chimanga zikamayamba kumene. Chachimuna chimafulumira, chimakhala chowonda chotalikirapo, chikamaliza kumwaza mungu chimauma nkufa chinzake chikadali chobiriwira chikulera nthangala. Mungu umenewu suyenda ndi njuchi kwenikweni, umayenda ndi mphepo ndipo umapita makilomita. Apa mpamene kamtengo ka kuseli kwa bafa ngati kanuko kamatiipira ife a ziphaso, chifukwa mungu wa chamba wamba ukagwera m'munda wa hemp nthangala zimene zituluke zimakhala zosakanizika, ukadzazibzala chaka chamawa THC wake sudziwa kuti afika pati. Nchifukwa chake mbewu yobwezera salola, chaka chilichonse umafunika mbewu yovomerezeka ndi mapepala ake.

Kasamalidwe kamatengera chimene ukulimira, ndipo ili ndi funso limene ife sitidadzifunse tisanabzale, tidangomva kuti muli ndalama. Ngati ukufuna luzi lopangira zingwe, nsalu ndi mapepala, umafesa mothithikana kuti mitengo ipikisane kukwera m'mwamba osachita nthambi, ndipo umadula msanga cha m'miyezi itatu maluwa akangoyamba, kenako mapesi umawagoneka pansi kuti mame ndi chinyontho zifewetse khungwa lisendeke, ukafulumira kuwatola luzi limakanirira, ukachedwa limaola nkumaduka. Ngati ukufuna nthangala zoyengera mafuta ndi zakudya, umabzala motalikirana pang'ono ndipo amuna umawasiya agwire ntchito yawo. Nthangala zake sizikhwima tsiku limodzi, zimayambira m'munsi mwa ngala kukwera, ndiye ukadikira kuti zonse zikhwime zam'munsi zimakhala zayoyoka kale, ndipo mbalame! Mpheta ndi njiwa zimazikonda kuposa mapira, ife tidachita kuika ana a mamembala ndi zitini m'mawa ndi madzulo. Ukapuntha uyanike msanga pamthunzi popita mphepo ziume gwa, poti muli mafuta ambiri, ukazithira m'thumba zili ndi chinyontho zimatentha nkuyamba kununkha moipa. Ngati ukulimira maluwa a mankhwala monga CBD, chinthu china cha m'chamba chimene sichizunguza mutu, ndiye nkhani ina, kumeneko amuna safunika ngakhale mmodzi chifukwa chachikazi chikalandira mungu mphamvu zimapita kunthangala, komanso kumeneko ndi kwa anthu a ndalama zawo, magirinihausi, mpanda, alonda, mabuku olemba mtengo uliwonse. Mitengo ya ziphaso imene idalengezedwa kumapeto kwa 2020 idali madola 10,000 kulima cha mankhwala ndi madola 2,000 cha m'mafakitale, nchifukwa chake anthu wamba tidalowera m'makopaletivi kuti tisonkherane.

Za tizilombo musanamizidwe kuti fungo limathamangitsa chilichonse. Nsabwe za m'masamba zimabwera, akangaude ofiira aja amavuta pa tomato nyengo yotentha amabweranso, ukatembenuza tsamba umawapeza kunsi ndi tiukonde tawo, mbozi ija imaboola thonje imalowa m'ngala nkumadya mkati iwe kunja ukuona ngati zili bwino, ndipo chiswe chimadula mitengo kukachita ng'amba. Koma chimene chimawawa kwambiri ndi nkhungu. Maluwa akakhwimira mkati mwa mvula ya February ngala zimaola kuyambira mkati, ukaitsegula umapeza zotuwa ngati thonje lonyowa. Ndipo sungangothamangira kukagula mankhwala alionse kwa agrodila nkupopera ngati pathonje, chifukwa izi zimathera m'mafuta odya ndi m'mankhwala a odwala, wogula akapima nkupeza zotsalira za mankhwala katundu yense amamukana.

Wogulayo ndiye mutu wa nkhani. Ife kampani imene idatilimbikitsa, dzina sinditchula, idabwera ndi magalimoto abwino, misonkhano, matisheti, tidasonkha ndalama za umembala ndi za maphunziro, ena adagulitsa mbuzi, wina adasiya fodya chaka chimenecho. Nthawi yogula itakwana mafoni adayamba kungoitana osayankhidwa. Ndipo vuto la mbewuyi si ngati soya kapena mtedza woti mavenda akakana upita nawo pamsika wina kapena udya ndi ana, iyi sungaikweze pa kabaza kupita nayo kumsika, kuinyamula kokha kumafuna chilolezo, kugulitsa umagulitsa kwa amene ali ndi chiphaso basi. Matumba adakhala m'chipinda chokhoma miyezi, ife tikulipira mlonda wolondera katundu amene sitingamugulitse. Sindikunena kuti mbewuyi njabodza ayi, kafukufuku wake adachitika ndithu ku Chitedze kuyambira 2015 ndi kampani ya Invegrow, ndipo a Boniface Kadzamira, amene adali phungu, pamene ankaiyankhulira ku Nyumba ya Malamulo masiku amenewo anthu ankawaseka koma pano ndi lamulo. Mafuta ake alipo, anthu akupanga zinthu. Kungoti phindu lili kwa amene ali ndi makina oyengera ndi msika, mlimi wa ekala imodzi amene alibe mgwirizano wolembedwa amangokhala wonyamulira ena.

Ndiye achimwene ngati mtima uli pa ulimi umenewu, pitani ku CRA mukafunse mitengo ya ziphaso ya panopa ndi mndandanda wa amene ali ndi chilolezo chogula, musadalire sikirinishoti ya pa WhatsApp. Pezani anzanu mupange gulu lolembetsedwa, ndipo musanapereke ngakhale K1,000 kwa aliyense muone chiphaso chake ndi maso anu, mufunse kuti mbewu yake idayesedwa kuti kuno ku Malawi ndipo idatalika bwanji, mufunse kuti THC akapitirira woluza ndani, zonsezo zilembedwe papepala losainirana. Chaka choyamba musachotse chimanga ndi soya, yesani kagawo kochepa.

Koma za kuseli kwa bafazo ayi. Komanso poti mwaika chithunzi chake pagulu la anthu masauzande ndi dzina lanu lenileni, nyumba ya aneba ikuoneka kumbuyoko, kachotseni kaye chithunzicho musanapite kukatenga khasu. Mukazula muyang'anenso pamalopo mvula ikagwa kawiri katatu, pamene pamera chimodzi nthawi zambiri pamakhala padagwera nthangala zingapo, ndipo mufunse bwinobwino anyamata a pakhomopo kuti amakakhala kuseli kwa bafa madzulo akutani.