Kusukusula kawiri: ndiyambe kapena ndi za pa TikTok chabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wogulitsa m'shopu pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Iye anati: "Achemwali, pa TikTok aliyense akukamba za double cleansing, akuti tizisukusula kawiri, koyamba ndi mafuta kenako ndi sopo wa kumaso. Ine ndimadzola Vaseline m'mawa, kuntchito ndimapita pa kabaza, ndipo ziphuphu pachipumi sizikutha. Ndiyambe? Mafuta akewo ndi odula."

Mng'ono wanga, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Masiku ambiri simukufunika kusukusula kawiri ayi.

Mchitidwewu unatchuka ku Japan ndi ku South Korea, kumene azimayi ambiri amadzola zophodaphoda ndi mafuta oteteza ku dzuwa tsiku ndi tsiku, zosanjikizana. Nzeru yake ndi yoona ndithu. Munayesapo kutsuka mbale yodyera nyama ya nkhumba ndi madzi ozizira okha? Mafuta amangoterereka, osachoka. Chimene chimasungunula mafuta ndi mafuta anzake. Ndiye poyamba mumapaka mafuta otsukira pankhope youma, mukusisita pang'onopang'ono. Mafuta amenewa anawasakaniza ndi zinthu zina zoti akakumana ndi madzi amasanduka oyera ngati mkaka n'kutsukika. Kusukusula kwachiwiri n'kochotsa thukuta, fumbi ndi zotsalira.

Tsono dzifunseni: madzulo ano pankhope panga pali chiyani chokana madzi? Mukachokera ku ukwati kapena ku chinkhoswe, atakupakani foundation yokhuthala ija ndi mascara osachoka ngakhale mutalira, apo sukusulani kawiri. Mukakhala kuti mwaswera ku Senga Bay mutadzola sunscreen yosachoka m'madzi, chimodzimodzi. Abale athu achialubino amene amadzola mafuta oteteza ku dzuwa kangapo patsiku, njirayi ingawathandize. Koma ndi madzulo okha. M'mawa mwangodzuka, mukuchotsa chiyani kawiri?

Ine ndinaziphunzira mowawa. Chaka china mu June, mwera uli pachimake, ndinatengeka nazo n'kumasukusula kawiri m'mawa, kawiri madzulo. Sabata ziwiri zisanathe khungu linayamba kufunduka m'mbali mwa mphuno, ndikamwetulira limakoka ngati lang'ambika, ndipo chilichonse chimene ndadzola chimaluma. Amayi anga anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nkhope si poto." Khungu lili ndi mafuta ake achilengedwe amene amasunga chinyezi, ndipo mukawakokolola onse limauma, kuyabwa, ziphuphu zimene zinalipo n'kufiira kwambiri.

Pa kalata yanu, maso anga anagwera pa zinthu zina, osati kuchuluka kwa kusukusula.

Choyamba ndi chipumicho. Ziphuphu zikakhala zondanda pachipumi ndi m'mphepete mwa tsitsi, kawirikawiri wolakwa amakhala mafuta a m'mutu. Kutentha kwathu kuno kwa October mukukudziwa: mafuta amene mwadzola mu tsitsi amasungunuka, amatsetsereka ndi thukuta, n'kudzakhala pachipumi tsiku lonse. Wigi kapena duku lothina limangowonjezera. Yesani kuleka kudzola mafuta kutsogolo kwa tsitsi kwa mwezi umodzi, muzichapa duku lanu ndi nsalu ya pilo sabata iliyonse, muone.

Vaseline ndi wabwino kumapazi, m'zigongono ndi pamilomo. Koma pankhope ya ziphuphu, m'dziko lotentha ngati la kunyanja kuno, amakuta khungu ngati pulasitiki. Kenako mukwere kabaza m'misewu yathu yafumbi ija, mukamafika kushopu nkhope yatola dothi lonse la m'njira. Pamenepo mungaganize kuti mukufunika kusukusula kawiri, chonsecho chofunika ndi kusintha chodzola. Pezani lotion yopepuka yolembedwa kuti siyitseka timabowo ta khungu.

Ndiye sopo. Simunandiuze amene mumagwiritsa ntchito, koma ndikudziwa kuti ambirife sopo wochapira zovala yemweyo ndi amene timasambira. Khungu la munthu pH yake (muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'chinthu) imakhala cha pa 5, pomwe sopo wamba wa mtanda amakhala pa 9 kapena 10. Kusiyana kumeneko n'kumene kumachititsa kuti mukasukusula nkhope itumbuluke n'kuuma gwa. Madzi a m'mijigo ina, amchere aja amene sopo sachita thovu msanga, amawonjezera vutolo. Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani sopo wamadzi wofatsa wa kumaso, osati mafuta otsukira. Kusukusula kamodzi bwinobwino, kwa mphindi imodzi, ndi madzi ofunda pang'ono ndi zala zokha, kumachotsa thukuta ndi fumbi lonse.

Nanga tsiku la ukwati lija, popeza mafuta otsukirawo ndi odula? Kabotolo ka micellar water (madzi apadera opukutira zophodaphoda) ndi thonje kamagwira ntchito yomweyo ndipo kamakhalitsa. Zikavuta, mafuta a mpendadzuwa timadontho tingapo amasungunula zophodaphoda, kungoti satsukika ndi madzi okha, muyenera kupukuta ndi kansalu kofunda kenako kusukusula ndi sopo wanu uja. Mafuta a kokonati asiyeni, kwa anthu ambiri amayambitsa ziphuphu.

Pofuna kudziwa ngati kamodzi kakwana, mukasukusula pukutani ndi kansalu koyera m'mbali mwa mphuno ndi pansi pa chibwano. Kakatuluka koyera, basi kagoneni. Kakatuluka kabulawuni, bwerezani.

Ziphuphuzo zikapitirira miyezi itatu mutasintha zonsezi, kapena zikakhala zazikulu zopweteka zosiya zipsera, pitani kuchipatala akakuoneni. Chonde musagule timachubu toyeretsa khungu ta pamsika tija. Tambiri timakhala ndi mankhwala a steroid, amene poyamba amasalalitsa nkhope koma pambuyo pake ziphuphu zimabwerera zochuluka kuposa kale. Mudzandilemberenso mwezi ukatha, mundiuze za chipumicho, komanso dzina la sopo amene mwakhala mukusukusulira.